Kodi chilungamo chimathera pa Limbe?

Mlamu wanga adagwira ntchito zaka 17 pa kampani ina ya ku Limbe. Adayamba ngati kalaliki wowerenga matumba pa sikelo, nakwera pang'onopang'ono mpaka kukhala manijala wa nyumba zonse zosungiramo katundu. Kwathu kwa Kadewere aliyense ankamutchula kuti bwana, ngakhale amayi ake omubereka. Adali ndi galimoto ya kampani, nyumba ya kampani, ndi mlonda wa kampani pa geti. Tsiku lina Lachisanu, nthawi yoweruka itangokwana, akuluakulu adamuitanira mu ofesi namupatsa kalata ya mizere inayi. Kalatayo idati ntchito yatha lero lomwe, makiyi a galimoto asiye kwa mlonda, ndipo m'nyumba atulukemo pasanathe masabata awiri. Chifukwa chake sadalembemo. Iye atafunsa, adangomuyankha kuti akudziwa yekha.

Adabwerera kumudzi ndi katundu pa lole ya hayala, nakhala phee m'nyumba ngati wofedwa. Mwezi udatha, wachiwiri udatha. Tsiku lina ndidamupeza pakhonde akusenda chinangwa ndipo ndidalephera kupirira.

"Alamu, nanga bwanji osapita ku leba kukadandaula?"

Adandiyang'ana nthawi yaitali. "Alamu, ine ndipite ku leba? Ndikakhale pa benchi limodzi ndi alonda amene ndinkawachotsa ntchito ine ndemwe?"

Mawu amenewa sadandichoke m'mutu mpaka lero, ndipo ndi amene andichititsa kutenga cholembera. A Malawi anzanga, makamaka inu a m'tauni amene muli pa mipando yofewa, ndi inu amene mudabwerera kuchokera ku Lusaka, ku Harare, ku Dar es Salaam ndi ku London mutatha zaka mukulota za dziko la malamulo, ndifuna tikambirane za maloya ndi makhoti. Sindikunena za milandu ya kuba kapena kupha ayi. Ndikunena za milandu ya ntchito ndi ya malonda, imene siimveka pa wailesi koma imagwetsa mabanja tsiku ndi tsiku. Maganizo anga ndi awa: malamulo tili nawo, ndipo ena ndi abwino kwambiri, koma njira yofikira kwa iwo idakonzedwa ngati kuti Amalawi onse amakhala pakati pa Chichiri ndi Victoria Avenue. Ife a ku Chiradzulu tili pamphuno penipeni pa Blantyre, moti usiku magetsi a mumzinda timawaona. Tsono ngati ife zikutivuta chonchi, nanga wa ku Nsanje kapena wa ku Chitipa ali pati?

Boma lathuli nkhani za ntchito silidazimve kwa ena. Ku Magomero kudali minda ya A. L. Bruce, kumene anthu, ambiri mwa iwo Alomwe ochokera ku Mozambique, ankakhala pa thangata. Pakamwa ankati munthu agwire mwezi umodzi wolipirira malo ndi wina wa msonkho, koma amene ankawerenga masikuwo adali mwini munda yemweyo, ndipo miyezi iwiri inkatha kutalika monga iye wafunira, nthawi ya dzinja pamene munthu amafunika m'munda mwake. Woyang'anira mindayo, William Jervis Livingstone, adatchuka ndi nkhanza, ndipo matchalitchi a anthu a John Chilembwe amene ankamangidwa pa malowo ankatenthedwa. Kodi munthu wa pa thangata akadakasuma kuti? Kwa bwana DC amene ankadya pa tebulo limodzi ndi mwini munda? Usiku wa pa 23 Januwale 1915 zimene zidachitika tonse tikuzidziwa. Livingstone adaphedwa, Chilembwe adaphedwa pa 3 Febuluwale, tchalitchi cha ku Mbombwe chidagumulidwa, ndipo pambuyo pake kafukufuku wa atsamunda eni akewo adavomereza kuti pa minda ya Bruce anthu ankazunzika. Chimene ambiri timaiwala nchakuti ena mwa amene adaphedwa ndi boma chaka chimenecho, monga John Gray Kufa ndi Duncan Njilima, sadali anthu osauka. Adali anthu ophunzira, a minda ndi malonda awoawo, mabwana a nthawi imeneyo. Chuma adali nacho, koma bwalo loti liwamvere mofanana ndi mzungu adalibe.

Thangata adatha mu 1962, ufulu udabwera mu 1964, koma bwalo lija lidachedwabe. Inu amene mudathawa m'dziko muno mukudziwa bwino kuposa ine. Mu 1966 kudabwera lamulo lolanda katundu, lija la Forfeiture Act, limene linkalola boma kutenga sitolo, nyumba kapena galimoto ya munthu popanda iye kukatsutsa ku khoti. Kuyambira 1969 milandu ikuluikulu idapatsidwa kwa makhoti a mafumu, kumene loya sankaloledwa kulowa. Orton Chirwa, loya woyamba wachikuda wa dziko lino, adaweruzidwa mu 1983 pamodzi ndi mkazi wake Vera m'khoti lotero, opanda wowayimira, ndipo iye adafera m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992. A Mboni za Yehova ankachotsedwa ntchito kaamba kokana khadi la chipani. Pa nthawi imeneyo munthu akachotsedwa ntchito ankathokoza Mulungu kuti sadamutengere ku Mikuyu. Ndani akadalimba mtima kufunsa za notisi?

Choseketsa nchakuti Dr Banda mwini wake, atazengedwa mlandu wa nduna zija zidafera ku Mwanza, adayimiridwa ndi maloya, wina mpaka wochokera ku Britain, ndipo mu Disembala 1995 khoti lidamupeza wosalakwa. Ine sindidandaula nazo. Umo ndi mmene ziyenera kukhalira. Ndingofuna kuti mwayi umene adaupeza Ngwazi aupezenso mayi wogulitsa nandolo pa Namitambo.

Tisaiwalenso kuti ndale za matipate zidayatsidwa ndi anthu apantchito. Kalata ya maepiskopi ya pa 8 Malichi 1992 idanenapo za kusiyana kwa malipiro pakati pa olemera ndi osauka. Chakufwa Chihana, amene adamangidwa pa 6 Epulo chaka chomwecho, adali mtsogoleri wa mabungwe a apantchito. Mu Meyi sitalaka idayambira ku David Whitehead nifalikira mumzinda wonse, ndipo anthu oposa 30 adaphedwa. Ena mwa amene adathawa zipolopolo masiku amenewo adali ana a ku Njuli, ku Mbulumbuzi ndi ku Nguludi amene ankalawirira m'mamawa kukagwira ntchito ku Limbe ndi ku Makata. Choncho pamene malamulo aakulu a dziko a 1994 adalemba pa gawo 31 kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wogwira ntchito mosaponderezedwa ndi kulandira malipiro oyenera, napitiriza pa gawo 41 kuti aliyense ali ndi ufulu wofika ku khoti, sikudali kutikomera mtima. Mawu amenewo adagulidwa ndi magazi.

Tsono tamverani zimene lamulo limanena, pakuti ndaona kuti ngakhale anthu a madigiri sazidziwa. Lamulo la za ntchito la chaka cha 2000, la Employment Act, limati bwana sangachotse munthu popanda chifukwa chomveka, chokhudza khalidwe lake, kagwiridwe kake ka ntchito, kapena mavuto enieni a kampani. Ngati akumuganizira kuti walakwa kapena akulephera ntchito, ayenera kuyamba wamupatsa mpata woti adziteteze. Nkhani ikafika ku khoti, si wantchito amene ayenera kutsimikiza kuti sadalakwe ayi, koma bwana ndiye ayenera kuonetsa chifukwa chimene adamuchotsera, ndipo akalephera, lamulo limatenga kuti kuchotsako kudali kopanda chilungamo. Wochotsedwa ali ndi miyezi itatu yokadandaula kwa mkulu wa leba wa m'boma lake, ndipo wa leba akalephera kuwayanjanitsa pa mwezi umodzi, nkhani itha kupita ku khoti la milandu ya ntchito, la Industrial Relations Court. Khotilo litha kulamula kuti munthu abwezeredwe pa ntchito, kapena apatsidwe chipukuta misozi. Lamulo lidaikanso mlingo wotsikitsitsa wa chipukuta misozicho: malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse kwa amene sadapitirire zaka zisanu, masabata awiri kwa amene wapitirira zisanu mpaka khumi, masabata atatu mpaka zaka 15, ndi mwezi wathunthu pa chaka chilichonse kwa amene wapitirira zaka 15. Ndiye kuti kalata ya mizere inayi ija, ngati khoti likadaipeza yolakwa, inkatanthauza malipiro a miyezi 17 kapena kuposerapo. Mlamu wanga, amene adasayinapo makalata otero kangapo konse kwa anthu ena, sankadziwa zimenezi. Kampani nayo inkadalira kuti sakudziwa.

Palinso china chimene mabwana ambiri sachidziwa. Lamulo lomwelo limati ngati akuzunza dala mpaka iwe wekha kulemba kalata yosiya ntchito, monga kukulanda ofesi, kukutsitsa udindo popanda chifukwa, kapena kukukhazika pansi opanda chochita kuti utope, kumenekonso kutha kuwerengedwa ngati kukuchotsa. Akuluakulu a m'makampani nthawi zambiri amachotsedwa mwa njira imeneyi, mwaulemu, tiyi ali pa tebulo, napatsidwa pepala loti asayine kuti agwirizana ndipo sadzadandaulanso. Amasayina chifukwa cha manyazi, kuopa kuti dzina lawo lingamveke ku khoti ndipo makampani ena sangawalembenso. Mabwana a m'Malawi muno ndi ochepa ndipo amadziwana onse, amakumana ku gofu ndi ku maliro. Mantha amenewa ndi oona, sindikuwapeputsa. Koma pepala lotero musasayine tsiku lomwelo. Pemphani masiku, mukalionetse kwa wodziwa malamulo.

Mlamu wanga adadzuka mochedwa, patatha miyezi isanu. Loya woyamba amene tidamupeza ku Blantyre adatchula ndalama yongotsegulira failo imene idatiuma nayo pakamwa. Wachiwiri adavomera kuti adzadula zake mlandu ukatha, koma adatiuziratu kuti kuchedwa kwathu kwapatsa kampani chonamizira. Ndiye udayamba ulendo. Kudzuka tambala woyamba, kabaza mpaka pamsewu, minibasi mpaka Limbe, ina mpaka mumzinda, kukafika nkumva kuti loya wa kampani wapempha tsiku lina. Ulendo wina failo siikuoneka. Ulendo wina woweruza ali ku msonkhano kunyanja. Kampani ili ndi loya amene imamulipira mwezi ndi mwezi, kaya kuli mlandu kaya kulibe, choncho kuimitsa mlandu sikuipweteka. Amene amagulitsa mbuzi kuti apeze thiransipoti ndi wodandaula. Akuluakulu adati mlandu suola, ndipo nzoona, koma sadanene kuti mwini mlandu ndiye amaola. Chigamulo chidabwera patapita zaka, chomukomera, ndipo kampani idachedwanso kulipira. Pamene ndalamazo zinkafika m'manja mwake nkuti kwacha itagwa kale ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Miyezi 17 ija idagula malata ndi feteleza wa chaka chimodzi, nkutha.

Pamenepa wina anena kuti, nanga ife zikutikhudza bwanji za mabwana? Adadya kale, alire okha. Ndikumvetsa mkwiyo umenewu, komatu chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Milandu ya anthu akuluakulu ndi imene imafika ku khoti lalikulu ndi ku Supreme, ndipo zimene majaji agamula kumeneko zimasanduka muyeso wa milandu ya alonda ndi ophika tiyi. Kumbukirani za mu Juni 2020, pamene boma lidalengeza kuti mkulu wa majaji, Andrew Nyirenda, apite ku tchuthi chodikira kupuma, masiku ochepa chisankho chobwereza chisanachitike. Maloya adayenda pa msewu atavala mikanjo yawo, khoti lidaimitsa zimenezo, ndipo pambuyo pake lidagamula kuti boma lidalakwa. Imeneyo idali nkhani ya ndale, inde, komanso idali nkhani ya ntchito: kodi wamphamvu angathe kudzuka m'mawa nkuchotsa munthu pa mpando chifukwa choti sakumufuna? Yankho lidali lakuti ayi, ndipo yankho limenelo ndi la tonse.

Chimene chimandipweteka pa milandu ya akuluakulu ndi china. Boma likangosintha, timaona akuluakulu a makampani a boma ndi a m'maunduna akuchotsedwa mwachisawawa kuti alowepo a chipani chatsopano. Ochotsedwawo amathamangira kwa maloya, amapambana chifukwa ndondomeko siidatsatidwe, ndipo amalipidwa ndalama zankhaninkhani za kontirakiti yonse. Ndalama zimenezo sizichokera m'thumba la nduna kapena la bodi imene idalakwitsa. Zimachokera ku msonkho wa sopo ndi mchere umene amagula agogo a ku Thumbwe. Pa mpando umodzi timalipira anthu awiri, wina ali mu ofesi, wina ali kunyumba. Zipani zonse zimene zalamulapo kuyambira 1994 zili ndi mlandu pamenepa, palibe choti chiloze chinzake chala. Bwenzi zikusintha wochotsa munthu mophwanya lamulo akadamalipirako kuchokera m'thumba mwake.

Tsopano ndinene za malonda, pakuti kumeneko ndiye kuli dzenje lalikulu. Mwana wa mlongo wanga amagula nandolo m'misika ya kwathu nkumakagulitsa kwa ogula akuluakulu ku Limbe. Mu 2017, dziko la India litachepetsa nandolo wolowa kwawo, mitengo idagwa mochititsa mantha, ndipo alimi a m'maboma a kummwera kuno adalira chokweza. Iye nkuti atapereka kale matumba ake kwa wogula wina pa mtengo umene adagwirizana pakamwa, ndalama adzalandire pakutha pa mwezi. Mwezi utatha, wogula uja adati alipira pa mtengo watsopano, ukafuna tenga ukafuna siya. M'manja mwa mwanayo mudali kapepala ka pa sikelo kokha, kolembapo makilo koma kopanda mtengo. Ndalama zogulira nandoloyo adakongola ku banki mkhonde, ndipo amayi anzake ankamudikira.

"Amalume, ndipite kuti?" adandifunsa.

Ndidasowa chomuyankha, ine amene ndimadzitcha wodziwa zinthu. Kwa amfumu? Amfumu atha kuitana mwana wa m'mudzi mwawo, koma sangaitane kampani ya ku Limbe. Ku polisi? Ambiri amathamangira kumeneko, ndipo apolisi ena amavomera kusanduka otolera ngongole, kutsekera munthu m'chitokosi mpaka abale asonkhe ndalama. Kumeneko nkulakwa, ngongole si mlandu wa polisi, ndipo chizolowezi chimenechi chimagwira osauka okhaokha, pakuti mwini kampani sagona m'chitokosi. Ku khoti la majisitireti pa boma? Nkotheka, ndipo munthu atha kudziyimira yekha, koma tsiku la mlandu adzakumana ndi loya wa kampani atanyamula mabuku, akulankhula Chingerezi chimene ngakhale womasulira amachita kumeza malovu. Kwa loya? Ndalama imene adatchula idatsala pang'ono kufanana ndi ngongole yomwe ankailondolayo. Adalandira mtengo watsopano uja, nagulitsa njinga ndi wailesi kuti abweze za banki mkhonde.

Komatu dziko lino lili ndi khoti la milandu ya malonda. Nthambi imeneyi ya khoti lalikulu idakhazikitsidwa mu 2007 ndi cholinga choti milandu ya mabanki, ya ngongole zikuluzikulu ndi ya makontirakiti izitha msanga, ndipo ili ndi njira yoti mbali ziwiri ziyambe zakambirana pamaso pa jaji mlandu usanazengedwe. Mu 2021 Malawi adalowanso m'pangano la New York, limene limati chigamulo cha oyanjanitsa a za malonda chopangidwa kunja chizilemekezedwa kuno. Zonsezi nzabwino, ndipo amene amabweretsa chuma chawo kuchokera kunja amafuna kuona zotere asanatsegule chikwama. Koma taonani amene tidayamba kumukonzera njira. Wochokera ku Dubai kapena ku Johannesburg tidamuyalira mphasa, pamene mlimi wa ng'ombe za mkaka wa ku Chiradzulu, amene mkaka wake wakanidwa pa thanki kapena malipiro ake achedwa miyezi, alibe pogwira. Lamulo la makhoti a m'madera, amene akadamaweruza timilandu ting'onoting'ono pafupi ndi anthu, lidadutsa ku Nyumba ya Malamulo mu 2011, koma zaka zidapita makhotiwo osaoneka. Ena ankaopa kuti angafanane ndi makhoti a mafumu a nthawi ya Kamuzu. Mantha amenewo ndikuwamvetsa, wolumidwa ndi njoka amathawa ndi luzi lomwe. Koma sitingasiye anthu opanda bwalo chifukwa choti bwalo lakale lidali loipa.

Nanga a Legal Aid Bureau? Bungweli lidayamba ntchito mu 2015 ndipo lathandiza anthu ambiri, ndiyenera kuvomereza. Koma maloya ake ndi ochepa, ndipo patsogolo amaika amene ali m'ndende, ana amasiye olandidwa chuma ndi amayi ozunzidwa. Ndani angawadzudzule? Munthu wa matumba a nandolo ayenera kudikira kumbuyo kwa munthu woganiziridwa kupha. Mu 2021 bungweli lidapempha kuti othandiza ake a za malamulo, aja amati ma paralegal, aziloledwa kuyimira anthu pa milandu ing'onoing'ono m'makhoti a majisitireti. Bungwe la maloya, la Malawi Law Society, lidakana, ponena kuti anthu osauka nawonso ayenera kuyimiridwa ndi loya weniweni osati wophunzira theka. Mfundoyi ili ndi nzeru zake. Tonse tikuwadziwa madobadoba amene amazungulira pa makhoti ndi pa maofesi a boma atavala tayi, kudyera masuku pamutu anthu osadziwa. Kutsegula khomo mosasamala kungachulukitse anthu otere.

Komabe ine ndili mbali ya Legal Aid pa nkhaniyi, ndipo chifukwa chake nchapafupi. M'makhoti a majisitireti omwewo, amene amazenga milandu m'malo mwa boma nthawi zambiri ndi apolisi, osati maloya. Oweruza ambiri a m'makhoti ang'onoang'ono nawonso alibe digiri ya malamulo. Ku chipatala cha boma pa Chiradzulu kapena ku Nguludi, amene amationa tsiku ndi tsiku ndi madokotala aang'ono ndi anamwino, ndipo palibe amene amati odwala adikire mpaka dokotala wamkulu adzapezeke. Bwanji pa malamulo pokha tikuti kaya loya kaya palibe? Maloya athu pafupifupi onse ali ku Blantyre, ku Lilongwe, ku Mzuzu ndi ku Zomba, ndipo sindiwanena, nawonso ali ndi lendi ndi ana a sukulu. Koma amene sabwera kwathu asaletse amene angabwere. Bungwe la PASI lakhala likutumiza ma paralegal m'ndende kuyambira chaka cha 2000, ndipo lidaphunzitsanso anthu a m'midzi kuyanjanitsa anzawo pa milandu ing'onoing'ono. Dziko silidagwe. Chofunika nchakuti akhale olembetsedwa, odziwika malire awo, ndi oti akalakwa pali kokawanenera.

Khoti la milandu ya ntchito nalo lidapangidwa mu lamulo la 1996 kuti likhale losavuta, loti munthu atha kudziyimira yekha kapena kubwera ndi wa bungwe lake la apantchito. Nanga chingalephereke nchiyani kuti lizibwera pa boma pa Chiradzulu masiku oikika, odziwika kwa aliyense, ngati mmene timadziwira tsiku la msika? Woweruza mmodzi kukwera galimoto nkotchipa kuposa anthu makumi awiri kukwera minibasi. Ofesi ya leba nayo ipatsidwe mafuta ndi njinga yamoto, pakuti wa leba amene amadikira kuti bwana wodandaulidwayo amutumizire galimoto walowa kale m'thumba la bwanayo. Ndipo malamulo a za ntchito amasuliridwe m'Chichewa chomveka, apachikidwe pa geti la esiteti iliyonse ndi kampani iliyonse. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo idathetsa ulimi wa matenanti m'minda ya fodya, mdzukulu wake wa thangata uja. Kodi ndi matenanti angati amene adamva kuti lamulo lasintha?

Ndisathere pa kuloza ena chala. Ifenso tili ndi vuto lathu, ndilo kuopa pepala. Munthu ukamuuza kuti tilemberane, amakwiya, amati kodi ukundiyesa wakuba? Timakongozana mamiliyoni pa chibale ndi pa chipembedzo, ndipo zikavuta timadana mpaka ku manda. Inu amene mudabwera ndi ndalama za ku Joni kapena za ku Ulaya nkuyamba bizinesi ya minibasi kapena chigayo ndi achimwene anu, ndi angati mwa inu amene mudalemba kuti ndani waika zingati ndipo phindu muzigawana bwanji? Ambiri mwa inu mudataya nyumba ndi ntchito pothawa, mudakadandaula ku bungwe la chipukuta misozi lija lidakhazikitsidwa ndi malamulo a 1994, ndipo lidatsekedwa anthu ochuluka asanalandire zawo, monga lidanenera lipoti la Ombudsman la 2017. Madoda athu a ku Wenela ndi ku TEBA akalamba akulondola ndalama zawo za ku migodi, ndipo chimene chimawavuta ambiri ndi mapepala amene adatayika kapena kudyedwa ndi chiswe. Anthu amene tidaona zoterezi sitiyenera kuchita kukakamizidwa kuti tisunge lisiti.

Pangano silifuna Chingerezi kapena sitampa ya loya kuti likhale pangano. Tsamba la m'kope la mwana wa sukulu likwanira: tsiku, maina a awirinu, katundu wake, makilo, mtengo pa kilo, tsiku lolipira, ndi zimene zidzachitike mtengo ukasintha pamsika. Musayine nonse, pakhale mboni, aliyense atenge lake. Ngakhale uthenga wa pa foni wotchula mtengo usafufutidwe. Wolembedwa ntchito naye aumirire kalata yonena udindo wake ndi malipiro ake, pakuti lamulo limalamula bwana kuipereka, ndipo azifunsa ngati ndalama za penshoni zimene amamudula mwezi ndi mwezi zikufikadi kumene ziyenera kupita. Kuyambira 2011 penshoni ndi yokakamiza, koma kudula ndi kutumiza ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo ambiri amazindikira zimenezi tsiku lopuma ntchito.

Mwana wa mlongo wanga uja adayambiranso geni yake. Masiku ano amayenda ndi kope lachikuto chofiira m'chikwama, ndipo ogula ena amamuseka kuti wasanduka loya. Mmodzi adakana kusayina, iye adakweza matumba ake pa lole nkupita nawo kwina. Mlamu wanga ntchito ya m'tauni sadaipezenso, amalima tomato kudimba. Mwezi wathawu ndidamupeza pakhonde pomwe paja ali ndi bambo wina wachikulire, atayala mapepala pa mpando. Bamboyo adali mlonda pa kampani ina ndipo adachotsedwa atadwala masabata awiri. Mlamu ankawerenga pa zala kuti kuyambira tsiku la kalatayo papita masiku angati, napeza kuti pa miyezi itatu ija patsala masiku 9.

"Mawa m'mawa tikumane pa siteji, bambo," adatero. "Ku leba tipitira limodzi. Mutenge kalata ya kuchipatala ija, ndi ndalama ya minibasi yobwererera."